Sajeni M'thumba la Dona

Pa nkhani ya ziweto, mu Libuyu monse mulibe munthu wondiposa. Ndinaphunzira za ulimi ku koleji, ndipo bwenzi pano ndili dokotala zikanakhala kuti ine ndi aphunzitsi tinagwirizana pa mayankho a mayeso. Sitinagwirizane. Ndinabwerako ndi magambutsi okha, n'kudzakhala kwa azakhali anga, amene pakhomo timawatcha ba Anti.

Ba Anti ali ndi mphaka wamkazi, wakuda wa mawanga oyera, dzina lake Dona. Dona sagwira khoswe. Ntchito yake ndi kubereka, ndipo sabereka pamalo wamba. Ulendo womaliza anasankha sutikesi momwe ba Anti amasunga bulauzi yoyera ya chigwirizano cha amayi kutchalitchi.

"Iwe wamaphunziro," anatero ba Anti, bulauzi ataikweza m'mwamba ngati umboni wa kukhoti, "uyu pusi akabalanso, muzachoka muli awiri. Nonse mudziwa kudya chabe."

Ndinapempha nthawi yoganiza (munthu wophunzira sapupuluma). Kutseketsa Dona, ndinatero mumtima, ndi kulowerera ntchito ya Mulungu. Koma kukagona pakhonde la Maramba Market ndi kulowereranso ntchito ya alonda. Nditamva kuti Loweruka madokotala a ziweto adzatseka amphaka ndi agalu kwaulere, chikumbumtima changa chinakhala chete pomwepo.

Aliyense amadziwa kuti mphaka amayenda ulendo m'thumba. Vuto ndi kumulowetsamo. Dona ali ndi zikhadabo zambiri, ine khungu ndili nalo limodzi. Choncho ndinagwiritsa ntchito sayansi: thumba la ufa kuseri kwa nyumba, kukamwa kwake nditatsekula ndi kamtengo, tinsomba ta kapenta mkati, ine nditabisala kuseri kwa diramu. Posakhalitsa ndinaona mchira wakuda ukulowa. Ndinalumpha, ndinamanga. Kusuzumiramo sindinasuzumiremo. Katswiri sakayikira ntchito yake.

Mu takisi tinapanikizana anayi kumbuyo, thumba lili pamiyendo panga. Tisanapite patali, thumba linalira.

"Imwe, muli chani mu saka?" anafunsa mayi amene ndinakhala naye pafupi.

"Ni nkhuku, amayi."

Nkhuku ija inayankha yokha: "Miyaaawu!"

"Awe! Pusi mu saka, kuseniseni! Muyenda kuloza ndani? Ba draiva, imililani, mu dzina la Yesu!"

Ndinayamba kufotokoza za kulera kwa ziweto, koma mayiyo anali atayamba kale kupemphera m'malilime, ndipo malilime sapikisana nawo. Ananditsitsa. Ndalama yanga inapitirira ndi takisi, ine ndinamaliza ulendo wapansi, thumba likunditukwana kumsana.

Kwa madokotala kunali mzere wautali, agalu akuuwa mbali zonse. Ndinalembetsa dzina la Dona, ndinapereka thumba osamasula, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango ndi nkhope ya munthu amene mayi wa kunyumba ali kuchipatala. Dzuwa litapendeka, dokotala anatuluka ndi katoni.

"Ba Dona banu bali bwino. Koma ni bamuna."

"Ayi, adokotala. Ameneyo wabereka kangapo, ndaona ndi maso angawa."

"Ninshi ni chozizwitsa. Ise tafula chabe vamene tapeza."

Ndinatsekula katoni. Munali mphaka wakuda wa mawanga oyera, inde, koma wamutu waukulu ndi khutu long'ambika. Anali Sajeni, mphaka wa bina Chipo (ndiye kuti amake Chipo), oyandikana nafe, amene amagulitsa mpunga kumsika. Sajeni ndiye bambo wa ana onse a Dona (komanso, malinga ndi mawanga, wa amphaka ambiri a mu Libuyu). Anandiyang'ana ndi diso limodzi. Sindinayang'anidwepo choncho ngakhale ndi aphunzitsi aja.

Pofika pakhomo ndinapeza Dona ali pa sutikesi, akunyambita dzanja. Bina Chipo anali pampanda, akuitana: "Sajeni! Pusi, pusi!"

Ndinavula chipewa ngati wodzanena maliro.

"Bina Chipo, Sajeni wabwela. Koma sanabwele yense."

Anasuzumira m'katoni, n'kukweza mchira wa Sajeni. Ine ndinayamba kuganiza za khonde la Maramba. Kenaka anaseka mpaka kukhala pansi.

"Ba Anti, bwelani muone ba dokota banu! Ine nalema kukamba kuti uyu ankhale pa nyumba agwile makoswe, iye ni kuyendayenda chabe!" Anapukuta misozi ndi chitenje. "Iwe mwana, saka ikalipo? Ungatengeko na batate bake Chipo?"

Ba Anti anaseka mpaka kuiwala kundithamangitsa. Loweruka lotsatira anamutenga okha Dona kupita naye kwa madokotala, m'basiketi, atayamba amuyang'ana nkhope. Ine anandiuza kuti nditsale ndikuyang'anira nyemba pamoto, ntchito yoyenera maphunziro anga.

Masiku ano Sajeni wanenepa, amagona pa matumba a mpunga, ndipo makoswe anasamuka. Ine ndikugonabe m'nyumba. Mu Libuyu amanditcha ba Dokota, ndipo abambo akandiona ndanyamula thumba amawolokera tsidya lina la msewu. Ulemu wonsewu ndinaugula ndi makwacha khumi a takisi yosandifikitsa, ndi kapenta wa makwacha asanu amene Sajeni, kunena chilungamo, analipira modula kuposa ine.