Nkhondo ya Dzungu Lodumpha Mpanda

Tcherani khutu, inu opulumuka m'zaka za mliri, pamene malire a Western Australia anatsekedwa ndipo akamwini anapuma kwa apongozi awo a ku Sydney. Pakuti m'nyengo imeneyo mlendo mmodzi yekha anadutsa malire wopanda chiphaso. Inali mbewu ya dzungu ya Lamson, Njovu ya ku Ntcheu, Wouluka Kupita Kumigodi, imene inayanga, n'kudumpha mpanda wa nyumba yake ku Cannington, m'Western Australia momwemo, n'kukabereka dzungu limodzi lonona pabwalo la mnansi wake.

Mnansiyo anali Levy, Mkango wa ku Chipata, Wogwedeza Folokolifiti za ku Kewdale, amene bambo ake anakumba kopa ku Kitwe mpaka kufa opanda ngakhale waya wake. Levy analikonda dzungulo ngati mwana, nalumbira kuti ili lokha silituluka m'dziko lake.

Lamson anakwera pampando, nagwira mpanda. "Achimwene! Ndalama za China ndi America zikalowa m'migodi ya kuno, profit imagona kuti? Imabwerera kwawo! Mizu ili kwanga. Ine ndine investor!"

"Ba Lamson, osanisobelesa, sindine chidole!" anabangula Levy, atanyamula payipi yothirira. "Kopa yathu munatenga so chabe. Ili dzungu nachita nationalise!"

Nkhondo inakula: madzi anawazidwa, masilipasi anaponyedwa, onse ataima motalikirana monga mwa lamulo la mliri. Koma mlendo ndiye amayenda ndi kalumo kakuthwa. Lamson anangotulutsa sizasi, nailozetsa pa tsinde. "Ndichotse capital yanga?"

Levy anatseka madzi n'kupempha zokambirana, pakuti dzungulo linali lisanakhwime.

Motero kunasainidwa Pangano Lalikulu la Pampanda, mboni zake Consolata ndi Getrude, akazi awo, amene ankabisa kuseka m'zotseka pakamwa. Dzungu lidzapita kwa mwini mizu. Dziko lolandira lidzadya masamba, amene anawatcha nkhwani m'ndime yoyamba ndi chibwabwa m'ndime yachiwiri, kuti zioneke ngati mphatso ziwiri. Koposa zonse, Levy anapatsidwa ntchito yothirira.

Anadula riboni ya thewera, nagundana zigongono. Levy anavina mokondwa kuti wapezera dziko lake ntchito.

Litakhwima, dzungu linawoloka mpanda pamapewa a Lamson. Levy anatsala ataima, payipi ili m'manja, akuyang'ana kadzenje pamene linagona. Pamenepo mtima unamuwawa, pokumbukira kuti madzi onse aja anali a pampopi wake. Kadzenjeko kanafanana ndi dzenje la mgodi limene anasiyiridwa bambo ake ku Kitwe.