Banga la pa tebulo la apongozi

Kwa apongozi anga ku Khuyu ndimapitako ndithu, koma tiyi ndimamwera pakhonde. Palibe anandithamangitsa m'nyumba. Ndinadzitulutsa ndekha.

Apongozi ali ndi tebulo la mbawa limene malemu amuna awo anakhoma atabwerera kuchokera ku Bulawayo. Lokongola kwabasi, kungoti pakona pake panali banga lakuda lozungulira, ndipo linkandinyansa. Apongoziwo atakwera sitima kukaona mlongo wawo ku Nkhata Bay, ndinati mpata ndi uwu, aone kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wa manja (ntchito yanga ndi yowerengetsa ana, koma sindimadzikayikira).

Ndinayamba ndi jiki. Thabwa lozungulira bangalo linayera mbuu, banga lenilenilo osasuntha. Basi mabanga akhala awiri.

Kenako ndinasungunula soda wopangira sopo n'kupaka tebulo lonse kuti mtundu ufanane. Vanishi anasupuka, mbawa inada ngati chiwindi, thabwa n'kumera ubweya. Mkazi wanga anaima pakhomo.

"Kodi amayi anakutumani?"

"Iwe dikira uone mapeto ake."

Mapetowo ndinakawafunsa kwa mmisiri wina wachikulire ku Chipyela. Anandimvetsera mpaka kumaliza.

"Aphunzitsi, mbawa simaiwala chimene yamwa," anatero. "Tsukani ndi viniga, liume sabata yathunthu, mukweche, ndiye mupake vanishi."

Sabata ndinalibe. Ndinakwecha tsiku lomwelo ndi sandipepa mpaka mapewa kuwawa, banga n'kuchokadi, ndipo vanishi ndinapaka thabwa lisanaume. Kutacha, pamwamba ponse panali patachita nkhungu yoyera, ukakhudza chala n'kumata. Komabe ndinadzitonthoza kuti mdani wanga wapita.

Apongozi atafika sanakalipe za mtunduwo. Anangopita pakona paja n'kusisita ndi chikhatho, kufunafuna.

"Bambo a Chikondi, pajatu apa panali kapu ya malemu amuna anga."

"Ndachotsa, amayi. Linali banga."

"Eya, banga. Kapu yawo yachitsulo ankaika pamenepa m'mawa uliwonse. Ine popukuta ndinkalambalala."

Ndinachita manyazi mpaka m'mafupa, ndipo chisoni chinandigwira. Mmisiri uja anadzalikonza tebulo, lero likuwala kuposa kale, alendo amaliyamikira. Apongozi analifunditsa nsalu, ndipo sanalivundukulenso.

Mankhwala a matabwa tsopano ndimawadziwa bwino, mutha kundifunsa. Koma chinthu cha mwini, ngakhale chioneke chonyansa bwanji, ndimayamba ndafunsa kuti anachisiyapo ndani.