Ndudu ya a Tembo

Pali tsiku limodzi limene mlongo wanga sadziwa bwinobwino mmene linayendera, ndipo ngati mumamudziwa chonde musakamuuze. Ndi tsiku limene anthu a ku Chipata anabwera kwathu ku Chiosya kudzafunsira mwana wake Esinati, ine n'kutsala pang'ono kupasula zonse ndi manja angawa.

Ndine mlimi wa fodya wa bale. Ndakulira m'chigafa, ndipo tsamba ndikangolikhudza ndimadziwa giredi yake ndisanaliyang'ane (izi ndimanena ndekha, komabe palibe ananditsutsapo). Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti sindisuta. Chibadwire changa utsi wa fodya unali usanalowepo m'kamwa mwanga.

Poti ndine atsibweni ake a mwanayo, mawu omaliza pa ukwatiwo anali anga. M'mawa mlongo wanga anandikokera pambali. "Achimwene, Esinati mtima wake wonse uli pa mnyamatayu. Chonde lero nkhani za fodya muzisiye, mulankhule za mwana." Ndinamuyankha kuti asandiphunzitse ntchito.

Mnyamatayo anabwera ndi atsibweni ake, a Tembo, bambo wachikulire wofatsa amene anagwira ntchito nthawi yaitali pa hotela ina ku Lusaka. Titalonjerana, azimayi anapita kukhitchini, ife n'kukhala pansi pa mango. Tisanafike pa mutu wa nkhani, a Tembo anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kabokosi kathabwa. Munali ndudu ziwiri zonenepa ngati chala chachikulu, zopanda pepala, masamba okhaokha.

"Izi ananipatsa abwana anga pamene n'napuma nchito," anatero m'Chinyanja chawo cha kutsidya. "Ni zopichira pamanja, zochokera kutali maningi. N'nasunga kuti nikakoke na munthu wamene azatipatsa mkazi pabanja pathu. Manje namvera kuti imwe ndimwe akatswiri a fodya. Mutiuzeko ngati ni wabwino."

Mawu akuti akatswiri ndi amene anandipha. Anandipatsa imodzi, ndinailandira ndi manja awiri, n'kuinunkhiza. Fungo lake linali lachilendo, lokoma ndithu. Munthu wanzeru akanathera pomwepo n'kunena zikomo. Koma ine fodya sindimuweruza ali wokulunga. Kwathu kuno munthu akakupatsa ndindi ya fodya umaimasula, umatambasula tsamba, umaliunika padzuwa. Choncho ndinalowetsa chikhadabo kumapeto kwake n'kuyamba kusenda.

Tsamba lakunja linachoka losalala. Ndinaliyala pabondo. Ndinachotsa lachiwiri, kenako ndinafwafwaza zamkati n'kuziika m'magulu pampando (ndikukumbukira kuti ndinkaimba kamluzu, Mulungu andikhululukire). Pamene ndinkadzutsa mutu, mnyamata uja anali atayang'ana pansi, thukuta lili kamukamu.

Chigamulo ndinapereka mosazengereza. "Bambo Tembo, abwana anuwo anakupusitsani. Fodyayu wada, anamusiya anyowe. Ku okushoni belo lotere amalibweza osalitsegula kawiri."

Kenako mnyamatayo anandiuza chapansipansi, "Atsibweni, mmenemo ndi mmene amakhalira. Amachita kumuvundika dala kuti ade choncho."

Apo m'pamene ndinaona nkhope ya a Tembo. Sanakwiye. Ankangoyang'ana masamba ali pampando aja, ndipo ndinazindikira kuti munthuyu sanandifunse giredi. Ndinaganiza za Esinati, amene panthawiyo ankatisuzumira pazenera la khitchini, akudikira kuti amve zoti akuluakulu agwirizana.

Ndinayesa kuipichiranso ndudu ija. Ndinakulunga, ndinamata ndi malovu, ndinakulunganso. Chimene chinatuluka chinali ngati chingwe chotafunidwa ndi mbuzi, ndipo nditachinyamula chinayoyokera pansi.

A Tembo anatulutsa kampeni, n'kudula ndudu yawo pakati. "Palibe kanthu, asewere. Na ine n'nali nikalibe kuonapo mukati mwake. Tigawane iyi."

Kukana sindikanatha, kuulula kuti sindisuta sindikanathanso, poti katswiri anali atalankhula kale. Anandiyatsira. Ndinakoka mmene ndimaonera anyamata a m'chigafa akukoka chingambwe, mwamphamvu, utsi wonse n'kuumezera m'chifuwa. Kunena chilungamo, poyamba inakoma, ngati mtedza wokazinga wopserera pang'ono. Ndinagwedeza mutu mwaukatswiri, n'kukokanso. Posakhalitsa mtengo wa mango unayamba kuzungulira, makutu anatseka, ndipo a Tembo ndinayamba kuwaona awiri. Ndinaimirira mwaulemu, ndinati ndikaone nkhuku, n'kudzandira mpaka kuseri kwa nkhokwe. Kumeneko ndinagwada, ndipo tiyi wa m'mawa ndi mbatata yake zinabwerera njira imene zinadzera.

Ndili chigwadire, ndinamva mapazi. Ndinati basi, ndi mlongo wanga, ndatha. Koma anali a Tembo, atanyamula kapu ya madzi. Ananyonyomala pambali panga ndi suti yawo yabwino ija.

"Utsi wa iyi sitimeza, timayendetsa chabe mukamwa," anatero. "Simukoka fodya, eti?"

"Sindinasutepo, bambo."

Anaseka pang'ono, mosafuna kuti amveke kubwalo. Ine mwamanyazi ndinangoti, "Pepani. Mwanayo mutengeni."

"Iyai," anatero a Tembo. "Mwana satengedwa kuseri kwa nkhokwe, kwa munthu wodwala. Pumulani, musambe kumaso. Mukatifunse mafunso yonse yamene munakonza, ndiye muyankhe pa anthu."

Anakhala nane mpaka dziko linaleka kuzungulira. Titabwerera, azimayi anali atatuluka kale, ndipo mlongo wanga anandiyang'ana ndi diso lofunsa. A Tembo ndi amene anayankha: "Tinali kukambako zathu za akuluakulu." Masamba aja pampando panalibe. Mnyamata uja anali atawatolera m'thumba mwake, ndipo mpaka lero sanatchulepo.

Mafunso anga ndinafunsa, ngakhale mawu ankatuluka mosasa. Ndinavomera pamaso pa onse, nthungululu n'kumveka mpaka kumsewu.

Sindinganame kuti ndinasintha kwambiri. Fodya wa anthu ndimamunyozabe, ndipo ndimakhulupirirabe kuti tsamba lija linada mopitirira. Koma mphatso ndinaleka kuiunika padzuwa. Esinati ali ku Chipata tsopano, kutsidya kwa malire, kumene sindingathamangireko msanga zinthu zitavuta. Mlongo wanga amadandaula za kutalikako, ndipo amadabwa kuti ine sindida nkhawa. Sindingamufotokozere. Ndimangodziwa kuti tsiku limene mwanayo adzalakwitse, monga timalakwitsira tonse a banja lathu, ali pakhomo pa anthu amene amabweretsa madzi osaitana mboni.