Tsiku Limene Ndinafukiza Mfuti ya Abwana

Mpaka lero ndikamva fungo la lubani ndimangopezeka ndagwada. Anzanga amayesa ndi kupembedza, koma ayi ndithu, ndi nkhani ya mfuti.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito panyumba ina ku Al Waab, muno mu Doha, m'dziko la Qatar. Yanga inali yotsuka magalimoto ndi kuthirira maluwa, kutanthauza kuti dzuwa lonse la dziko lino linkathera pamutu panga. (Amene simunafike kuno musandiuze za ku Nsanje. Ku Nsanje kumatentha, kuno kumaphika.) Chimene ndinkalakalaka chinali chimodzi basi: kulowa ntchito ya m'majilisi, chipinda chachikulu cholandiriramo alendo, mmene eyakoni yoziziritsa mpweya siizima chaka chonse.

Tsiku lina abwana anandiitana kuti ndiwanyamulire bokosi la katundu wa malemu bambo awo kupita nalo m'majilisi. Titatsegula tinapezamo mfuti yakalekale yokulungidwa m'bulangeti. Abwana anaitembenuza uku ndi uku, n'kuyesa kukoka chitsulo chotsegulira polowa chipolopolo, koma sichinasunthe. Anadandaula kuti sakudziwa n'komwe kuti inapangidwa dziko liti.

Apa m'pamene pakamwa panga panayamba kuyenda pokha. Ndinati agogo anga anamenya nkhondo ku Burma, ndipo ine mfuti ndinakula nazo ngati makasu. (Ku Burma anapitadi, koma ankaphikira asilikali. Ine chida chokha chimene ndinagwirapo ndi legeni.)

"Wallah? Zoona?" anatero abwana. "Lachisanu kukubwera mkulu wanga. Uitsegule, undiuzenso kuti ndi yakuti. Ukatha, majilisi ano uzisamala ndiwe. Yalla, yamba."

Anatuluka n'kundisiya ndi mfuti ija pamphasa yofewa, kamphepo kozizira kakundisisita pakhosi. Ndinalumbira mumtima kuti panja sindibwereranso.

Ndinayamba ndi kuiyang'ana, poti china chochita ndinalibe. Thabwa lake linali lalifupi, lothera pakati, mpope wonse kutsogolo uli pamtunda ngati mwendo wa munthu wovala kabudula. Chogwirira cha chitsulo chija chinali chopindika. Kumbuyo kwake kunali chinthu chozungulira chonga chotsekera botolo. Pamwamba panali timalemba tokhala ngati popalasa nkhuku, ndiponso chipsera, ngati wina anapalapo ndi tupa, m'mbali mwake mukuoneka tinsonga ta duwa. Duwa pamfuti likufunapo chiyani?

Ndinajambula malembawo n'kukawaonetsa mayi wophika, wa ku Philippines, poganiza kuti mwina ndi akwawo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundifunsa ngati iye anandipemphapo kuti ndimuwerengere Chiarabu chifukwa choti ndimavala chisoti cha kumzikiti. Ndinatuluka m'khitchini chamanyazi.

Kenako ndinapita kwa a Phiri, mlonda wa pageti, wa ku Chipata. Iwo anafufuza pafoni n'kulengeza kuti ndi ya ku China. Atasuntha chala anati ayi, ya ku Russia. Vuto linali lakuti mfuti zonse za pazithunzi zinali ndi thabwa lofika mpaka kukamwa, pamene yathu inali yakabudula. Pomaliza anati, "Iyi mwana wakwathu ni ya ana, yophunzirira," n'kubwerera pampando wawo.

Lachinayi linafika ndisanadziwe kanthu. Ndinadontheza mafuta a mashini osokera, ndinagogoda ndi chidendene cha nsapato, ndinaipempha ndi mawu aulemu. Chitsulo chili nji. Mantha anandigwira, chifukwa ndinaona ndowa ndi chinkhupule zikundidikira panja.

Ndiye ndinaimbira amalume ku Machinga, amene kale ankasaka nguluwe ndi mfuti ya gogodera. Ndinawaonetsa mfutiyo pavidiyo. Anayandikiza nkhope mpaka ndinkangoona mphuno yokha, n'kufunsa ngati mwini wake ali moyo. Ndinati anatisiya.

"Basitu, yamangidwa imeneyo," anatero. "Mfuti imadziwa mwini wake. Akapita osaitsanzika imakana. Uifukize, uiuze bwinobwino kuti mwini nyumba tsopano ndi mwana wake."

Anatchula mizu itatu yomwe m'chipululu muno simungaipeze ngakhale mutalira. Nditawauza kuti kuno kuli lubani yekha, anati utsi ndi utsi.

M'majilisi munali kambiya kofukizira alendo ndi kabokosi ka timitengo tonunkhira ta abwana, timene iwo amathira kachidutswa kamodzi pakabwera munthu wolemekezeka. Ine, pofuna kuti mankhwala agwire, ndinathira dzanja lodzaza. Ndinatseka zitseko, ndinagwada, n'kuyamba kuyendetsa mfuti pamwamba pa utsi uku ndikuilankhula m'Chiyao, poti sindinadziwe chinenero chimene imamva.

Utsi unadzaza chipinda. Kenako kachinthu kapadenga kochenjeza za moto kanayamba kulira nyumba yonse. Ndinamva mayi akunyumba akuitana ana, mapazi akuthamanga, ndipo chitseko chinatseguka. Abwana anaima pakhomo akutsokomola.

Pofuna kudzuka msanga, ndinatsamira ndi chikhatho pa chozungulira chakumbuyo chija. Chinalowa pang'ono n'kutembenuka. Ndikuti ndigwire chogwirira, chitsulo chinangotseguka mofewa ngati kabati.

Tonse awiri tinayang'ana mfuti, kenako tinayang'anana. Ine ndinadabwa kuposa iwo, koma nkhope ndinaiumitsa.

"Mashallah," anatero abwana chapansipansi.

Lachisanu atachoka ku mapemphero a Juma, mkulu wawo anafika. Anangoiyang'ana kamodzi n'kunena kuti ndi ya asilikali a ku Japan, ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ija. Anafotokoza kuti duwalo linali chizindikiro cha mfumu yawo, ndipo ankalipala popereka mfuti nkhondo itatha. Thabwa analidula ndi wina pambuyo pake, n'kupinda chogwirira, kuti ikhale yopepuka posaka nyama. Chozungulira chija anati ndi loko chabe, amachikankha ndi chikhatho n'kuchipotoza. Ine ndinkangogwedeza mutu ngati mphunzitsi amene akumva mwana akuyankha bwino.

Kenako anandifunsa kuti ndinadziwa bwanji kuti munalibe chipolopolo ndisanaiike pamwamba pa makala. Zimenezo sindinaziganizeko ngakhale pang'ono. Ndinayankha kuti ndinamva kulemera kwake.

Yankho limenelo ndi limene linandimaliza. Bamboyo anasangalala kwambiri, n'kuuza mng'ono wake kuti munthu wodziwa mfuti chonchi n'kulakwa kumusunga m'nyumba kuti azithira tiyi. Iye anali ndi mfuti zakale zingapo kufamu yake kuchipululu, ndipo ankasowa wozisamala. Abwana sakanamukaniza mkulu wawo.

Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wanga unanditsata mpaka kumchenga, kumene ndinakhala chilimwe chonse pakati pa ngamila, m'kachipinda kokhala ndi fani imodzi yopukusa mutu ngati ikundikana.

Nditawafotokozera amalume kuti inali loko chabe, anandifunsa kuti nanga lokoyo inalekeranji kutseguka ndisanafukize.