Sindiopa ndi Mkanjo wa a Saidi

Lolemba

Uthenga wafika. Loweruka lino akuchimuna akubwera kuchokera ku boma kudzakamba za Esinati, mwana wanga wamkazi mmodzi yekhayo, ndi mnyamata wawo Rashidi. Wotsogolera ndi amalume ake a mnyamatayo, a Bwanali, munthu wamkulu pa mzikiti. Tidatuluka kale thukuta kuti alole mwana wawo kutenga mkazi wa kutchalitchi. Pakangolakwika kanthu kakang'ono, zatha.

Kanthu kakang'onoko ndikukaona, kagona pansi pa mango: Sindiopa, galu wanga.

Si galu woipa ayi. Mbuzi sazithamangitsa, ana amamukoka makutu iye ali phee. Koma akangoona nsalu yaitali ikukupiza, mutu umamusokonekera. Zidayamba nthawi ya kampeni, pomwe anyamata onyamula mbendera adamugenda pa bwalo la mpira. Kuchokera apo waluma izi: chitenje cha amake Esinati chili pachingwe, ukonde wa eni ake woyanika, ndi katumba ka mlaliki wina wa chikhoti chofika m'mawondo.

Alendo a Loweruka onse adzavala mikanjo. Mtima wanga uli m'mwamba.

Amake Esinati akuti: "Kamusiyeni kwa achimwene anu ku Dwambazi, nkhani ithe." Ayi. Nanga nsomba pa thandala azilondera ndani? Ndimuphunzitsa, masiku alipo.

Lachiwiri

Ndikufunsa nzeru. Masiku ano a matipati aliyense ali ndi maganizo ake, ndipo sagona nawo.

Msodzi mnzanga: "Mudule mchira, ukali umakhala kumeneko."
Mayi wa zitumbuwa: "Muzimuthirira shuga m'phala."
Mlamu wanga: "Chikoti basi."

Alangizi a ziweto ndawapeza pa msika wa Chia akusankha chambo. Akuti: "Musamumenye, achimwene. Galu woluma amakhala wamantha. Chomwe amachiopacho azichiona chili patali, akakhala chete mumupatse kakudya. Mawa muyandikize pang'ono, mkuja pang'ononso." Izi ndiye nzeru. Chosowa ndi mkanjo.

Lachitatu

Ndabwereka mkanjo kwa a Saidi, oyandikana nawo nyumba. Ndawanamiza kuti ndikukaonetsa telala, Mulungu andikhululukire. Akuti: "Ubwere woyera, aneba. Ndi wopempherera Lachisanu umenewo."

Ndavalira kuseri kwa nkhokwe, m'matumba ndadzaza usipa wouma. Kungotulukira, Sindiopa ubweya nyankhalala, mano onse pamtunda. Sakundidziwa n'komwe, ine amene ndidamulera ndi phala ali kamwana! Ndikumuponyera usipa. Akudya uku akundiyang'ana ngati wakuba. Chingwe chagwira, ndipo amene adachipota adalitsike.

Lachinayi

Zikuyenda! M'mawa wauwa pang'ono, masana wangoyang'ana. Pofika madzulo, ndikangopisa dzanja m'thumba mchira ukuyamba kugwedera. Ndayima pafupi mpaka kumusisita pamutu.

Zoipa zake: usipa wa malonda ukutha ndipo amake Esinati aona. Chinanso, anthu andiona. Ku mjigo akuti ndalowa Chisilamu. Ku gombe akuti ndasamukira chipani china, ndikusaka mpando. Mkulu wa mpingo wadutsa pa njinga osandipatsa moni, wangoliza belu.

Esinati akuti: "Ababa, chonde, mungomuchotsa pakhomo pano tsiku limodzi lokhalo." Maso ake ali psuu. Zandipweteka, koma ndamuuza kuti adekhe, bambo ake akudziwa chomwe akuchita.

Lachisanu

A Saidi afika m'mawa kudzatenga mkanjo wawo. Ukununkha usipa, pachifuwa pali mapazi awiri a matope, m'mbali monse madontho a malovu. Paja dzulo Sindiopa adandidumphira mwachikondi, ine n'kumaseka.

A Saidi aunyamula ndi kamtengo. Sakukalipa, ndipo n'zomwe zikundiopsa. Akuti: "Aneba, kwa ife malovu a galu ndi najisi, chodetsa. Akakukhudza sungaime pa swala kupemphera mpaka utsuke kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi." Apita ku mzikiti atavala shati wamba.

Ndakhala pansi. Sabata yonse ndakhala ndikulimbana ndi mano, lilime osaliganizira. Nthawi yosintha maphunziro palibe. Ndati ndikamusiye ku Dwambazi, koma matola andisiyanso ndili pa msewu ndi galu, kondakitala akuti galimoto yadzaza.

Ndamumanga kuseri kwa khitchini ndi chingwe cha khoka, mfundo pamwamba pa mfundo.

Loweruka

Afika. Mikanjo yoyera mbee, ikukupiza ndi mphepo ya mwera. Kuseri kuli zii. Nkhuku atizingira a Saidi mwa mwambo wawo, ngakhale moni wawo ndi wa mwachidule. Mpunga uli pamoto. Ankhoswe akumvana, mpaka a Bwanali aseka kamodzi. Ndayamba kupuma.

Nthawi ya swala ya masana yakwana. A Bwanali apempha madzi, ndipo mlamu wanga, wopanda nzeru uja, wawalozera kuseri kwa khitchini. Ndikuthamanga kuwatsatira. Ndawapeza asamba kale manja, nkhope ndi mapazi, akupisa dzanja m'thumba kuti atenge mikanda yawo yopempherera.

Sindiopa waona dzanjalo. Chingwe duu!

Sanalume ayi. Wawadumphira pachifuwa, mkulu uja chagada pamchenga, iye n'kumawanyambita ndevu, masaya, zikope, kenako mphuno m'thumba kusaka usipa. Mchira ukuvina ngati kuli ukwati kale.

Ndamukoka ndi miyendo yakumbuyo. A Bwanali adzuka pang'onopang'ono, manja atawatambasula kuti asakhudze chilichonse. Akuti: "Bambo, galu wolusa timamudziwa, timamulambalala. Koma uyu mwachita kumuphunzitsa."

Anyamuka onse, mpunga osaulawa. Esinati wadzitsekera m'chipinda ndipo ndikumumva akulira.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite, nkhope yake ndiitenga kuti. A Saidi, munthu amene ndidamunamiza uja, apalasa njinga mpaka ku boma kukatipepesera. Abwerako masana ndi yankho: ukwati ulipo. Koma galu akadali pano, akuchimuna sadzapondanso pakhomo pano, ndipo ana a Esinati akadzabadwa sadzabwera kudzagona kwa agogo awo.

Esinati watuluka, wangoima pakhomo n'kumandiyang'ana. Ndavomera kuti galu achoke.

Mawa m'mamawa ine ndi Sindiopa tikukwera matola a ku Dwambazi. Chisoni chandigwira kwambiri, chifukwa galuyu sanalakwe. Ndidamuuza kuti asamaope, iye wandimvera.

Pano wagona pa mapazi anga, akundinyambita zala. Ndangomusiya.