Ndinachotsetsa mtanda m'galasi la mfuti

Iwe lemba mmene ndikunenera, usakonze. Nkhani imeneyi anthu a kuno ku Chileka aipotoza kale, ena akuti ndinawombera mbuzi, ena akuti ndinalowa Chisilamu. Bodza lokhalokha. Ine chimene ndinachita ndi ulemu basi, kungoti ulemu wake unapitirira.

Chaka chathachi dimba langa la kumtsinje linachita bwino, mondokwa wake ngati mkono wa mwana. Ndiye apusi anatsika m'phiri. Ndinaimika chidole chovala deresi langa lakale, anachivula. Ndinayesa kumenya chitini, ankangokhala mumtengo kudikira kuti ndimalize nyimbo. Chonsecho pakhomo pano ufa unali utatha, chimanga cha kudimbacho ndiye chinali choti chitifikitse pokolola.

Aneba anga ndi Che Amidu, Msilamu wosaphonya mapemphero, munthu woti anakalambira pa esiteti akuthamangitsa nguluwe. Mfuti ali nayo, ya mapepala ake, ija yosachita kukoka ukawombera, ukangogwira ndi kachala imalavula chipolopolo china pambuyo pa chinzake. Koma maso anafooka, komanso galasi la pamwamba pa mfutiyo, lija lokokera zinthu pafupi, linachita nkhungu.

"Achemwali," anatero, "mukandipezera galasi, ndingogwetsa atatu, otsalawo asamuka okha. Ku Lirangwe kuli bambo wina amabweretsa katundu wa ku Joni. Ine bondo ili silindilola. Musatenge lodula, apusi si njovu."

Ndinagulitsa abakha awiri, ndinakwera kabaza, kenako minibasi.

Bamboyo ndinamupeza atayala matochi, maloko ndi magalasi atatu pa lona. Lalikulu akuti limakoka chinthu maulendo ambirimbiri, koma mtengo wake ndinayamba ndakhala pansi. Laling'ono akuti ndi la ana, pa mfuti yolavula motsatizana silichedwa kugwedera. Ndinatenga lapakati, ndinatsinzina diso, ndinaloza kutsidya kwa msewu. Munthu wina wootcha kanyenya anabwera pamphuno panga, mpaka ndinamupatsa moni (usaseke, lemba). Ntchentche za pa nyama yake ndinaziona miyendo.

Koma pakati penipeni pa nkhope yakeyo panali mtanda. Wakuda, woongoka bwino, ngati wa pa buku la nyimbo.

Ndinasuzumira m'ena awiri aja. Mitanda yokhayokha.

Tsono iwe ukudziwa mmene timakhalira kuno. Pakagwa maliro kapena ukwati, mbuzi timaitana Asilamu kuti azinge, kuti tonse tidye. Poto woti anaphikapo nkhumba sindingatumizire ndiwo kwa Che Amidu. Ndiye ine, mayi wa Mvano, ndikatenge mtanda ndikauike padiso pa munthu? Diso lakumanja? Akaganiza kuti ndatumidwa ndi abusa.

"Lopanda mtanda mulibe?"

"Agogo, lopanda mtanda ndi lowonongeka."

"Ndiye limenelo ndi lotchipa. Lili kuti?"

Analibe. Ndinagula lapakatilo, ndinapita nalo kwa bambo wokonza mafoni ndi mawotchi kuseri kwa msika. Nditaona kuti wavala kachipewa ka Chisilamu, mumtima ndinati eya, uyu amvetsa.

Sanamvetse. Analitembenuza, anasuzumira, anandiyang'ana.

"Amama, uwu si mtanda wa kutchalitchi."

"Ndamva, bambo, zikomo. Chotsani."

"Ukachoka, mwini wake adziwa bwanji poloza?"

"Ali ndi maso."

Ine ndimati akungondichitira ulemu, monga muja Msilamu amanenera kuti wakhuta pamene akukayikira poto. Anandifunsa katatu. Kachitatuko ndinamuuza kuti ana ngati iye ndinabereka asanu ndi mmodzi. Anamasula, analowetsa kapani, anatulutsa tiwaya tiwiri toonda kuposa ulusi, anauzira pansi. Ndinamulipira, ndinamuthokozanso pondithandiza kusunga chinansi.

Kunyumba Che Amidu anamangirira galasi pa mfuti, anasuzumira. Anapukuta ndi mkanjo. Anasuzumiranso.

"Achemwali, mtanda uli kuti?"

"Musadandaule, achimwene. Ndachotsetsa."

Che Amidu anatsitsa mfuti.

"Ine ndayang'ana pa mtanda umenewo kuyambira ndili ndi mano onse," anatero, "ndipo Lachisanu lililonse kumzikiti amandilandira."

Tinapitabe kudimba m'mawa mwake, iwo akutsimphina, ine nditanyamula mpando. Apusi anali kale pa ntchito. Wamkulu wawo anakhala pa chulu akusenda mondokwa modekha ngati wagula. Che Amidu anati akumuona bwinobwino, mpaka nsidze, kungoti sakudziwa kuti mfuti ikuona pati. Ndinati yesani. Mfuti ija paja siidikira. Pha pha pha pha. Keni yanga yothirira inatuluka mabowo awiri, papaya mmodzi anagwa, ndipo chidole chija chinalandira chipolopolo pachifuwa. Pusi anangosuntha pang'ono kuti fumbi lisamugwere m'chakudya.

Ndinagulitsa bakha wachitatu, ulendo ku Lirangwe. Wokonza mafoni atandiona anavula magalasi ake.

"Mubwezeremo," ndinatero.

"Tiwaya tija tinapita ndi tsache, amama. Pafunika kanthu koonda kwambiri, ngati tsitsi."

Ndinamasula duku pomwepo pamsika, ndinazula imvi ziwiri. Anaziyang'ana, anati tsitsi lathuli ndi lopotana. Ndinati kokani liongoka. Anakoka, anamata ndi guluu. Pofika pa Lunzu dzuwa litatentha, tsitsi lija linali litabwerera chikhalidwe chake. Mtanda wake unkaoneka ngati mapazi a nkhuku pamatope.

Che Amidu anayesetsa, ndisawanamizire. Sabata yathunthu m'mawa uliwonse anali kudimba. Amati akaika pusi pamene imvi zanga zakumana, chipolopolo chimapita ku Mdeka. Apusi anasamuka ndithu, koma chimanga chitatha. Ine ndinakolola dengu limodzi ndi mapesi. Ufa umene tinadya mpaka pokolola unachokera kwa Che Amidu komweko (ichi ulembe ndi zilembo zazikulu).

Ndiye dzana lija anabwera akazi awo, Abiti Saidi, kudzabwereka sefa. Takhala pakhonde, akundithandiza kusola nandolo, anangoti:

"Achemwali, mtanda uja ine sunandivutepo. Koma zoti amuna anga azitsinzina diso limodzi m'mawa uliwonse n'kumayang'ana tsitsi la mkazi wamasiye, lopanda ndi duku lomwe, zimenezo ndiye sindinazionepo."

Sanaseke. Kapena anaseka mumtima, sindikudziwa, nkhope yawo ija siiwerengeka. Ine nandolo anandigwa m'manja.

Phunziro lake ulembe kuti ulemu uziyamba wafunsa mwini wake. Walemba? Chabwino. Tsono tseka kope ukandigwirire bakha wotsalayo, mawa ndikulawirira ku Lirangwe kukachotsetsa tsitsilo. Che Amidu usawauze, angachite manyazi.