Nsungwi ya atate a Misozi

Lolemba

Ng'ona za ku Luangwa zindidyela mwamuna, ndipo Misozi sanayambe n'kuyenda komwe. Chitsekeleni depoti ya chimanga kuno ku Nyimba, atate a Misozi angokhala. Boma latsopanoli akuti aliyense adzionele yekha. Lelo m'thumba la jekete yakale yogula pa salaula apezamo pepala la chithunzi: mzungu ali pa nyanja ya mchele, ndodo yowedzela m'manja, nsomba yaphwathalala ngati mbale, maso onse mbali imodzi. Basi, mutu wazungulila. Akuti apanga ndodo yawo ya nsungwi, Lolemba likubwelali akwela lole ya a Lungu, ogula nsomba zouma, kukawedza ku Luangwa. Munthu wosadziwa kusambila! Kuwaletsa sindingathe. Nzelu yanga ndi iyi: nsungwi iliyonse imene abwele nayo ndiinyoze, mpaka lole iwasiye.

Lachiwili

Abwela ndi yobiliwila. Ndikuwauza kuti yaiwisi ikapindika siwongokanso. Si bodza, atate anga ankawedza ku Mozambique tisanathawe nkhondo, ine ndikuwanyamulila nyambo. Aipinda, yakhaladi ngati uta. Tsiku limodzi lapita. Zikomo Ambuye.

Lachitatu

Lelo zitatu. Zifukwa zanga:
yoyamba ndi yonenepa, ya denga iyi, nsomba ikamadya nyambo dzanja silingamve;
yachiwili ndi yofumbwa, ndagogoda pansi ufa kuti waa;
yachitatu ilibe vuto. Ndayanikapo matewela, ndati mwana ndiye woyamba.
Sakukwiya. Akulemba zonse m'buku, monga ankachitila pa sikelo ku depoti.

Lachinayi

"Nanga yabwino imakhala yotani, amake Misozi?" Chilowele m'banja muno sanandifunsepo nzelu. Pakamwa pangapa! Ndangoyamba: ikhale yokhwima, yachikasu, mfundo zoyandikana kutsinde, nsonga yoonda yonjenjemela. Ndazindikila nditamaliza kale. Ndawonjezela msanga kuti yotele imamela kuphili kokha, kutali kwambili. Akupopa njinga.

Lachisanu

Aipeza. Ndi yokongola, ndisaname. Ndati ndi yokhota. Aiwamba pamoto, aiwongola pabondo. Ndati ithyoka. Amangilila ndowa ya madzi kunsonga, anyamula: yawelama, yabwelela. Misozi akuomba m'manja, mwana wosadziwa mbali yake. Chingwe ndabisa pansi pa nkhokwe. Iwo asolola ulusi wa m'tayala lakale, akuti ndiwo wolimba kuposa. N'zoonanso.

Loweluka

Azibambo anayi pakhomo, onse ochotsedwa ntchito, aliyense ndi nsungwi yake. Auzidwa kuti ine ndine katswili. Ndagogoda, ndapinda, nanga ndikanatani? Ku mjigo mkazi wa mmodzi wa iwo wandikankhila chidebe kumbuyo: "Mukutithela amuna, inu."

Pomenya chimanga ndalimba mtima, ndatchula ng'ona. Atate a Misozi ayang'ana nkhokwe, imene yatsala pang'ono kuonetsa pansi. "Nanenso ndikuopa. Koma Misozi adya chiyani mvula ikayamba?" M'manja mwawo muli matuza okhaokha.

Lamulungu

Ku tchalitchi ndikupemphela kuti lole iwonongeke. A Lungu ali benchi la kutsogolo, akuimba mokweza, akuti aika matayala atsopano.

Chabwino. Ndakazinga nshawa, mtedza wa pa ulendo, ndasoka thumba. Atate a Misozi ndawaphunzitsa za atate anga:
osaima malo amodzi masiku awili;
osatumbula nsomba m'mphepete mwa madzi;
mbedza ikakodwa, dulani chingwe, osalowamo.
Alemba zonse, adula mzele kunsi. Koma buku silingakoke munthu m'madzi.

Tsamba ili nding'amba, akatekisiti apite nalo kwa achimwene anga ku Minga masana ano.

Achimwene Zuze, inu munakulila m'bwato la atate, madzi mumawadziwa. Alamu anu akupita kukawedza ku Luangwa. Kuwaletsa kwandikanika, ndodo yomwe ndawasankhila ndine. Thonje lisiyeni, ndidzakuthyolelani ndi mwana kumbuyo. Bwelani lelo lomwe lino mupite nawo, muziima pafupi nawo. Lole inyamuka mailo Lolemba m'mamawa. Chonde achimwene, musadikile kudya.